Mphanda ya pa Khomo la Mayi Tibbs

Mayi Marjorie Tibbs anabadwira m'nyumba yachitatu pa mzere wa nyumba zamiyala zija zili m'mphepete mwa mtsinje ku Harnbury, ndipo chibadwire sanakhalepo pakhomo pawo n'kumwa tiyi mwamtendere. Akanamwa bwanji? Khomo lawolo lili pa makalendala, pa zitini za mabisiketi, ngakhale pa tinsalu topukutira mbale. Basi yoyamba ya alendo imafika naini koloko isanakwane, ndipo anthu akangotsika amalunjika pomwepo, mafoni ali m'mwamba. Amajambula chitseko chobiriwira, masitepe atatu amiyala amene anakumbika pakati ndi mapazi a anthu kwa zaka mazana anayi, ndi mtengo wa maapozi umene agogo awo aamuna anauyala pakhoma kuti uziwothera dzuwa.

Akuti mlendo ndi mame. Amene ananena zimenezo sanafikeko kwathu kuno. Kuno mame ake sakamuka, amangosinthana mabasi. Wina anatsegula chitseko n'kulowa mpaka kukhitchini, ati ankayesa ndi nyumba yoonetsera zakale. Wina anakanikiza mphuno pagalasi la zenera Mayi Tibbs akudya dzira, n'kuitana anzake kuti adzaone, ati muli munthu weniweni. Koma amene anawapweteka mtima koposa ndi mayi wina wa chipewa chachikulu amene anawapeza akusesa masitepe, n'kuwauza kuti asunthe pang'ono chifukwa akuwononga chithunzi. Pakhomo pawo! Ndipo mukudziwa chimene anayankha? Anati, "Pepani," n'kusuntha ndi tsache lawo. Ndi matenda athu anthu a kuno. Munthu akakuponda phazi wopepesa umakhala iweyo, kenako ukalowa m'nyumba n'kumakalipira ketulo.

Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anayamba ntchito pa geti la munda wa mitengo umene uli paphiri kuseri kwa tchalitchi. Ife timangoti ku Mitengo. Mundawo anauyambitsa bwana wina wakalekale amene analibe chochita, n'kumatuma anthu ku Japan ndi ku America kukamutengera mbewu. Ntchito ya Mayi Tibbs mpaka lero ndi kukhala m'kanyumba kamatabwa, kung'amba matikiti ndi kuyankha mafunso. Mafunso akewo! "Kodi masamba afiira liti?" "Kodi mtengo wotchuka uja ndi uti?" "Kodi mvulayi isiya nthawi yanji?" Iwo amamwetulira n'kupereka mapu, koma chamumtima amati: kafunseni masambawo, ine si mayi wawo.

Komweko n'kumene anakumana ndi a Clifford, amene nthawi imeneyo anali mnyamata wokwera mitengo ndi zingwe, munthu wosayankhula. Zaka zitatu ankangodutsa pa geti n'kugwira chipewa. Tsiku limene anawafunsira, mawu awo onse anali akuti, "Kwanu kuja kuli mtengo wabwino, koma akuudulira molakwika." Mayi Tibbs amati anadziwira pomwepo kuti akapanda kumutenga munthuyu, adzakalamba ali yekha pa nthambi. Akhala limodzi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi, mayi akuyankhula za anthu awiri, bambo akuyankha ndi mutu. Ana sanakhale nawo. A Clifford atapuma ntchito ankakwerabe phiri tsiku lililonse kukaona ngati amene anatsala sakuwaphera mitengo.

M'mawa wina mu Ogasiti a Clifford anagwetsa kapu ya tiyi, n'kumayang'ana dzanja lawo lamanzere ngati si lawo. Inali sitiroko. Masabata asanu ndi limodzi anatha ali gone m'chipatala ku tauni. Mwendo unayamba kumvera pang'onopang'ono, dzanja lamanzere linakana, mawu ankatuluka limodzilimodzi. Kumapeto kwa Seputembala kunabwera Mayi Nair, amene amaphunzitsa odwala kuyendanso, kudzaona ngati nyumba ili bwino kuti wodwala abwerere. Anali mayi wamfupi, wachangu, tepi yoyezera ili m'thumba. M'kati sanavute: bedi litsike kuchipinda chochezera, kapeti iyi ichoke. Koma atatuluka n'kuona masitepe aja, anaima.

"Mayi Tibbs, apa pakufunika chogwirira kudzanja lamanja. Popanda chimenecho ine sindingasaine kuti abwere. Nanga kuseri kuli bwanji?"

"Kuseri kuli masitepe khumi ndi limodzi, ndipo pansi pake ndi mtsinje."

"Ndiye ndi pompano basi. Bedi lawo kuchipatala lilipo mpaka kumapeto kwa Okutobala. Chogwiriracho chikapanda kukhalapo, tiwapezera malo kunyumba yosungirako okalamba."

Mayi Tibbs ankaidziwa bwino nyumba imeneyo. Amayi awo anafera komweko, atakhala pampando woyang'ana khoma. A Clifford, munthu amene moyo wake wonse unali panja, kumeneko sakanatha miyezi itatu.

Chitsulo chimodzi, mabawuti anayi, ntchito ya ola limodzi. Kwina kulikonse bwenzi chitakhomedwa tiyi asanazizire. Koma osati ku Harnbury. Nyumba za pa mzere uja zinalembedwa m'kaundula wa nyumba zakale, ndipo kunja kwake sungakhomeko ngakhale msomali popanda chilolezo cha khonsolo. Fomu yake inali ya masamba khumi ndi anayi. Inkafuna zithunzi, mapu, ndi kalata yofotokoza mmene chogwiriracho chikhudzire mbiri ya nyumba. Mayi Tibbs analemba kuti mbiri ya nyumbayi ndi yakuti mumakhala anthu, kenako anachita manyazi n'kufufuta.

Patatha sabata kunabwera mkulu woona za nyumba zakale, wa jekete yofewa, n'kuyamba kusisita khoma ngati akusisita mphaka. Za a Clifford sanafunse n'komwe.

"Kuboola mwala uwu, mayi? Mwala uwu unasemedwa agogo a agogo anu asanabadwe."

"Nanga tikaika chosakhudza khoma, chongozika pansi?"

"Chimenechonso chikusintha nkhope ya mzere wonse. Tiona. Masabata asanu ndi atatu, zikayenda bwino. Komanso tiyenera kumva maganizo a Bungwe la Abwenzi a Harnbury."

Wapampando wa bungwe limeneli ndi a Aubrey Lyddon, amene anabwera kuchokera ku London zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo n'kuukonda mudzi wathu kuposa ife tinabadwiramo. Ndi iwo anatiletsa kuika mabini a zinyalala panja kukuwala. Ndi iwo amayenda ndi kapepala koyezera ngati utoto wa chitseko chako uli wobiriwira moyenera. Si munthu woipa ayi. Bola akanakhala woipa, munthu ukanamutukwana n'kupepukidwa mtima.

Msonkhano unachitika Lachitatu masana mu holo ya tchalitchi. Panali tiyi, panali keke ya mandimu. Aliyense amene anaimirira anayamba ndi kunena kuti a Clifford ndi munthu wabwino, ndipo zimene zawachitikirazi n'zomvetsa chisoni zedi. Akatero ankati "komabe". Wina anati nyumba yachitatu ikaika chitsulo, yachinayi idzafuna denga lamalata. Wina anafunsa ngati sichingakhale chochotsa m'mawa n'kubwezera madzulo mabasi akapita. Palibe anati ayi. Kwathu kuno ayi sanenedwa, amangomusankhira komiti. Anasankha anthu atatu oti akaunike nkhaniyo n'kudzapereka lipoti mu Disembala.

"Disembala?" anatero Mayi Tibbs. "Bedi likutha pa 31 Okutobala."

"Tikumvetsa, Mayi Tibbs, tikumvetsa ndithu," anatero a Lyddon atagwira pamtima. "Koma kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anafuna kunena kuti iwo sakufuna maso a nkhono, akufuna mwamuna wawo. Anafuna kutenga keke ija n'kuwaveka a Lyddon kumutu. Ndiye mukuganiza kuti anatani? Anati, "Zikomo kwambiri chifukwa cha nthawi yanu." Ndipo popeza sabata imeneyo inali yawo pa ndandanda wa otsuka, anavala epuloni n'kutsuka makapu makumi awiri ndi atatu a anthu amene anali atangowakaniza. Kapu imodzi inasweka, ndipo anapepesanso.

Mawa lake anakwera basi kupita kuchipatala. Anapeza a Clifford atakhala pa chikuku pafupi ndi zenera, akuyang'ana kamtengo kowonda kamene kali pamalo oimika galimoto. Anawabweretsera apozi la pakhomo, n'kuwadulira tizidutswa. Anawafotokozera za nyengo, za mnansi amene galu wake wadwala, za mabasi. A Clifford anamvetsera zonsezo, kenako anatulutsa liwu limodzi.

"Liti?"

"Posachedwa, bambo. Mapepala akuyenda."

A Clifford anawayang'ana nthawi yaitali. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi n'zambiri kuti munthu umunamize. Anabweza mbale ya apozi ija osamaliza, n'kutembenukiranso ku zenera. Mayi Tibbs analira njira yonse yobwerera, atabisa nkhope m'nyuzipepala kuti asavutitse okwera anzawo.

Pakati pa Okutobala kunawomba chimphepo. Ku Mitengo kuli mtengo wa mabulosi wa zaka mazana atatu, wopindika, wamphako, umene unalipo munda usanayambe. M'mawa anapeza nthambi yake yaikulu itang'aluka, ikulendewera. Abale inu, chipwirikiti chake! A Lyddon anakwera phiri chothamanga, malaya ogonera akuonekera pansi pa jasi. Mafoni analira. Pofika leveni koloko thirakitala inali itabweretsa mitengo ya thundu. Pofika thuu koloko nthambi ija inali itakhala bwinobwino pa mphanda ziwiri, pansi pake ataikapo ndi kachikopa komwe kuti isanyuke. Alendo anawomba m'manja. Mayi wina anachita kupukuta misozi.

Mayi Tibbs anatseka kanyumba kawo, chinthu chimene sanachitepo masana chiyambire ntchito, n'kupita pomwepo. Amene ankatsogolera ntchitoyo anali Len Harbottle, kapitawo wa munda, amene anakhala naye benchi limodzi kusukulu ndipo ntchito anaiphunzira kwa a Clifford.

"Iwe Len, fomu ya mphanda zimenezi inali ya masamba angati?"

"Fomu yanji? Mphanda siifuna fomu. Si nyumba iyi, ndi mtengo."

"Komiti yake yakumana liti?"

"Marjorie, watani kodi?"

"Ndatani? Chimtengo ichi chathyoka m'mawa, pofika masana mwachipatsa kale ndodo, ndi kachikopa komwe kuti chisamve kupweteka. Mwamuna wanga anachisamala chimenechi zaka makumi anayi, lero akuwola pa zenera chifukwa cha masitepe atatu! Bola akanabadwa mabulosi!"

Len anapukuta manja pa ovolosi. Alendo awiri anayesa ndi sewero, mmodzi anakweza foni. Mayi Tibbs anapuma, n'kuyang'ananso mphanda zija: mitengo yokhuthala, yozikidwa mozama, yosagwedezeka. Anaika dzanja pa imodzi n'kuikankha ndi mphamvu. Inangoti nji.

"Len," anatero motsitsa mawu. "Mtengo wanga wa maapozi ukudwala."

"Sukudwala. Ndadutsapo dzulo, uli bwino kuposa ine."

"Ndati ukudwala. Nthambi ija ya m'munsi, yodutsa pambali pa chitseko. Chimphepochi chaiweyeseza. Igwa."

"Nthambi imeneyo a Clifford anaimanga ndi waya watsopano chaka chatha chomwechi. Ungapachikepo ng'ombe."

"Kodi iwe, kusukulu kuja unkangopitira chakudya eti? Ndikuti nthambi ya kudzanja lamanja ukamakwera masitepe."

Len anawayang'ana Mayi Tibbs. Anakanda m'mutu. Kenako nkhope yake inagwa, ngati ya munthu wobwera ndi uthenga wa maliro.

"Aaa, imeneyo. Inde, imeneyo ndiye yandidetsa nkhawa kwa nthawi ndithu."

Madzulo omwewo Len anakagogoda kwa a Lyddon, chipewa chili m'manja. Anawauza kuti mtengo wa pa makalendala uja uli pangozi, ndipo mphepo ina ikangobwera, nthambi ya m'munsi ithyoka n'kung'amba thunthu lonse. A Lyddon anasanduka mtundu. Mtengo umenewo ndi umene uli pa chizindikiro cha bungwe lawo, pa mapepala awo a makalata, ngakhale pa tayi yawo. Anafunsa ngati ntchito yochirikiza nthambiyo singayambe mawa m'mawa. Anaimbiranso wa khonsolo woona za mitengo, amene anati kudula n'kumene kumafuna chilolezo, kuchirikiza ayi, ndipo anawathokoza chifukwa cha changu chawo.

Loweruka m'mawa Len anafika ndi anzake awiri, ndi mitengo itatu ya thundu. Anakumba maenje awiri m'kabedi ka maluwa pambali pa masitepe, osakhudza khoma ngakhale pang'ono. Mphanda yaitali anaiimika pafupi ndi chitseko, n'kulandira nthambi ija. Mtengo wamfupi anauzika m'munsi mwa sitepe yoyamba. Wachitatu anaupingasa pakati pa iwiriyo, motsetsereka, ati wolimbitsira kuti mphanda isapendeke. A Lyddon anabwera okha kudzathandiza, n'kupatsidwa ntchito yogwira tepi.

"Kwezani pang'ono, bwana," anatero Len. "Ufike pa chiuno cha munthu. Ukatsika kuposa pamenepo, nthambi ithyoka."

"Pa chiuno cha munthu? N'chifukwa chiyani?"

"Ndi mmene timayezera ife a mitengo."

A Lyddon anagwira tepi. Mtengo wopingasa uja utamangidwa, anabwerera m'mbuyo mpaka mumsewu n'kuyang'ana, mutu uli chopendeka. Anayang'ana mphanda, anayang'ana masitepe, anayang'ananso mphanda. Mayi Tibbs anali pakhomo ndi thileyi ya tiyi.

"Bambo Harbottle," anatero a Lyddon pang'onopang'ono, "chinthu ichi chikuoneka ngati..."

"Ngati mphanda, bwana."

Bakha analira kumtsinje. A Lyddon anatembenukira kwa Mayi Tibbs n'kuwayang'ana, makutu awo atafiira. Kenako anabwera n'kuyendetsa dzanja pa mtengo wopingasa uja kuchokera m'munsi mpaka m'mwamba.

"Apa pali zobaya," anatero. "Mupalepo bwinobwino pasalale. Mwina wina angagwirepo mwangozi."

Anamwa tiyi wawo ataimirira, anayamikira mabisiketi, n'kumapita. Mpaka lero nkhaniyo sanaitchulepo, ndipo nawo Mayi Tibbs sanawathokozepo, chifukwa kuthokoza kukanakhala kuvomera kuti pali chimene chinachitika. Komiti ya anthu atatu ija ikuunikabe.

Lolemba Mayi Nair anabwera ndi tepi yawo. Anayeza msinkhu. Anagwira mtengowo ndi manja awiri n'kuugwedeza, kenako anaulendewera thupi lonse, miyendo ili m'malere, alendo akuonerera.

"Chimenechi mwati n'chiyani, Mayi Tibbs?"

"Mphanda ya mtengo wa maapozi."

"Mtengo wamwayi," anatero Mayi Nair. Anatsamiritsa pepala pa mphandapo n'kusaina.

A Clifford anabwera pa 29 Okutobala, masana, kukuwaza kamvula. Galimoto ya chipatala inavutika kudutsa chifukwa mabasi awiri anali atatseka mlatho, ndipo Mayi Tibbs anatuluka ndi epuloni yawo n'kukauza dalaivala wa basi kuti asunthe msanga, popanda pepani. Anthu a chipatala anawatsitsa a Clifford pa chikuku mpaka m'munsi mwa masitepe. Anali atawonda, jasi likungolendewera. Mayi Nair anaima kumbuyo kwawo, Mayi Tibbs pakhomo pamwamba, manja ali m'thumba la epuloni.

A Clifford anaimirira. Anatambasula dzanja lamanja n'kugwira thundu lija. Anakweza mwendo wabwino, n'kukoka winawo. Sitepe yoyamba. Anapuma, thukuta lili pamphumi ngakhale kunkazizira. Anasuntha dzanja, anakweza, anakoka. Sitepe yachiwiri. Pamenepo anaima. Maso awo anatsata mtengo wopingasa uja mpaka pa mphanda, kuchoka pa mphanda mpaka pa nthambi. Anaiyang'ana nthambiyo kuyambira kuthunthu mpaka kunsonga, mmene ankayang'anira ntchito ya anthu ongoyamba kumene. Nkhope inachita makwinya.

"Mwatopa, bambo?" anafunsa Mayi Nair. "Tipume?"

A Clifford anapukusa mutu. Milomo inayamba kulimbana ndi mawu. Chidwalire anali asananenepo mawu opitirira awiri, ndipo onse anadikira, mvula ikuwanyowetsa.

"Nthambi... iyi," anatero. "Ilibe... vuto. Siifuna... mphanda."

Ha! Miyezi iwiri munthu ali duu, tsiku loti wapeza mawu n'kuyamba ndi kutsutsa! Mayi Tibbs anatulutsa manja m'thumba. Misozi inali ikutsika, ndipo ulendo uno sanaibise.

"Ndikudziwa kuti ilibe vuto, mdala inu! Wa vuto ndine. Ndatopa kudya ndekha, ndatopa kuyankhula ndi mpando wanu. Gwirani pamenepo mukwere, mvula ikulowa m'nyumba."

A Clifford anagwira, nakwera.